Timipira ta Mazira ta ku Akashi

Sumie anasiya kudya masamba atayamba kuyoyoka. Dokotala sanapite m'mbali: akapanda kudya sabata imeneyo, amugoneka m'chipatala, chakudya chizidzera papaipi ya m'mphuno. Mwamuna wake, Tokuji, nkhalamba yaliuma ija, anangoti "tamva," n'kukagula matikiti a sitima ya ku Akashi, kwawo kwa mkaziyo.

Mutu wa Sumie unali utasokonekera kalekale. Koma Tokuji ankakhulupirira kuti pakamwa pangakumbukire zimene mutu unataya.

Anayenda naye mumsika wa nsomba atamugwira pachigongono. Anamugulira nsomba yootcha ya pakamtengo, Sumie anangoinunkhiza n'kumubwezera. Mbatata yootcha, anapukusa mutu. Atatopa anakhala pakashopu ka timipira ta mazira, tokazinga, timene amadya poviika mumsuzi.

"Takulandirani! Agogo, lero akutulutsani achibwenzi eti?" anatero mayi wogulitsa, uku akutembenuza timipira pachiwaya.

"Chibwenzi chake chimenechi? Ndi mano omwe alibe," anayankha Sumie.

Tokuji anaseka mpaka misozi. Chipongwe chimenechi anali atachisowa, munthu wamkulu.

Timipira tinabwera pathabwa lofiira, tikufuka nthunzi. Sumie anatola timitengo todyera, n'kunyamula kamodzi mwaluso, osakaphwanya, n'kukaviika mumsuzi. Mtima wa Tokuji unali m'mwamba. Koma kampirako sikanalowe pakamwa pa Sumie. Anatambasula dzanja kwa mwamuna wake, kampira kali lende patimitengo.

"Landirani, bambo. Mwaonda inu."

Tokuji anasendeza mbale. "Ikani apa, mayi a Noboru."

"Ayi. Landirani ndi timitengo tanu."

Wogulitsa uja anasiya kutembenuza. Kwawoko anthu sapatsirana chakudya timitengo ndi timitengo. Zimenezo n'za tsiku lootcha maliro, pamene abale amapatsirana mafupa a womwalira powaika m'kamtsuko. Sumie yemweyu ankamenya ana ake tizala akangoyerekeza kutero.

Lero dzanja lake linali m'malere, msuzi ukudontha patebulo, nkhope ikudikira ngati ya mwana amene wabweretsa mphatso. Kumukanira kukanakhala kumuliritsa.

Tokuji ananyamula timitengo take n'kulandira. Kampirako kanali kopepuka moopsa. Mantha ndi chisoni zinamugwira, koma anameza. Wogulitsa anayang'ana kumbali, akupukuta mbale yoyera kale.

"N'kokoma?" anafunsa Sumie.

"Kwabasi. Tsopano inu, kamodzi kokha. Chonde."

"Ine ndadya kale," anatero Sumie mokondwa. Ananyamula kena, n'kukaviika, n'kutambasulanso dzanja.

Tokuji analandira kamodzikamodzi, mpaka pathabwa panayera.