Malo a Rute M'bwato

Otilia, mwana wa mnzanga Rute, atasankhidwa kupita ku yunivesite ku Blantyre tonse tinalulutira. Maphunziro akewo dzina lake linali lalitali ngati chingwe cha mbuzi: kayendetsedwe ka bizinesi za pakati pa mayiko. Ife amayi a kwa Tengani tinaseka, poti bizinesi yotereyi timaichita kale popanda digiri. Timakweza milamba yowamba m'bwato la Kaitano, kuwoloka Shire kupita ku Mozambique, n'kubwerako ndi zitenje ndi mafuta ophikira. Pachipata cha boma sitidutsa. Fizi ya Otilia inkachokera m'bwato lomwelo.

Lamulo lathu ndi limodzi. Mlendo sakwera nafe pokhapokha wina mwa ife atamuimira, ndipo mlendoyo akalakwa, mlandu umagwera womuimirayo.

Chaka chachitatu mtsikanayo anabwera patchuthi masaya ali phwii, Chisena chikumulemera m'kamwa ngati sanayamwire kuno. Anati aphunzitsi awatuma kukafufuza momwe amalonda ang'onoang'ono amagulitsira katundu kunja kwa dziko. Ine ndinakana pamaso pa onse. Ndinati mwana amene amapukuta mpando asanakhale alibe chochita m'bwato la nsomba. Rute anandiyang'ana ndi diso loipa, n'kunena kuti mwanayo ndi wake, amuimira yekha.

Ulendo wonse foni inali m'mwamba. Anajambula kanema woonetsa doko lathu, mtengo wa mtondo umene timamangapo bwato, kanjira ka m'bango, mpaka ine ndikuseka ndi mano anga otsalawa. Tikamufunsa ankati ndi za aphunzitsi okha basi. Aphunzitsiwo kanemayo anawasangalatsa kwambiri, anamupatsa malikisi apamwamba, kenako anzake a Otilia anaika kanemayo pa intaneti kuti dziko lonse lione amayi olimbikira a ku Nsanje.

Dziko linaonadi. Tsiku lina tikukocheza masana, tinapeza akuluakulu a yunifolomu atakhala pamthunzi wa mtondo uja ngati abwera kudzafunsira mbeta. Katundu yense analanda, bwato anatenga, Kaitano anakagona m'chitolokosi. Mmodzi anachita kundionetsa nkhope yanga pafoni yake. Mtima unanditentha moti ndikanamupeza Otilia pomwepo, sindikudziwa.

Tinakumana pamalo owambira nsomba. Otilia anachita kubwera kuchokera ku Blantyre, ndipo m'malo mogwada anayamba kutiphunzitsa. Akuti tilembetse gulu lathu kuboma, akuti pali njira yoti amalonda ang'onoang'ono azidutsa pachipata mosavuta, akuti mabungwe ena aona kanemayo ndipo angathandize. Mayi Hannah, wamkulu wa gulu, anamufunsa ngati mabungwewo abweza zitenje zathu. Apa mtsikana anayamba kulira, nati ngati pali chilango chikhale chake, amayi ake asakhudzidwe.

"Iwe sitikudziwa," anatero Mayi Hannah. "Amene tikumudziwa ndi amene anakuimira."

Rute anangotembenuza nsomba zake pamoto, utsi ukumulowa m'maso.

Bwato tinaliwombola, ndipo Kaitano anapeza doko lina kumunsi. Tinagwirizana kuti Rute asauzidwe. Iye anayesa kugulitsa milamba pamsewu, koma kuno mlamba aliyense ali nawo pakhomo. Sukulu itatsegulira, Otilia anali akadali pamudzi, atakhala pambali pa amayi ake akuingitsa ntchentche. Chaka chimodzi chokha ndicho chinatsala kuti amalize.

Tsiku lina ndikuchokera kutsidya, ndinakumana ndi Rute panjira ya kudimba. Ine ndi iye tinavinidwa limodzi, ndipo mwana wanga woyamba anabadwira m'manja mwake. Anaima pakati pa njira, wowonda, khosi lili mitsempha yokhayokha.

"Estere, ndiuze pomwe mukukwerera. Ndiwoloke kawiri kokha, mwana akamalize."

Chisoni chinandigwira, sindikana. Koma nanenso ndili ndi ana anayi, ndipo amene angaulule doko nayenso amatsika m'bwato.

"Nkhabe, ayi mwanzanga. Ine ndinasiya kuwoloka."

Anayang'ana chitenje changa chonyowa mpaka m'mawondo, anayang'ana zigubu za mafuta zili pamutu panga. Kenako anapatuka n'kuima m'udzu kuti ndidutse.