Kilombero Wonunkha Dizilo

Mpunga wa kilombero sugulidwa ndi maso. Wogula amapisa dzanja m'thumba, kutapa pang'ono, n'kufikitsa kumphuno. Fungo likamukomera, mwagwirizana. Likapanda kumukomera, kaya njere zake n'zazitali bwanji, nyamulani muzipita. Izi aliyense ku Wovwe kuno amazidziwa. Munthu mmodzi yekha amene sanazilabadire ndi mlongo wanga Gordon, wondipondera pamutu, amene anayamwa bere lomwe ndinasiya ine.

Gordon amayendetsa lole yakale ya dizilo imene bambo athu anatisiyira. Ine ndimalima mpunga kusikimu ya mthirira, iye amanyamula, ndipo kwa zaka zambiri tinkagwira ntchito motero osakokana. Loleyo inalibe changu, inde, koma inkafika. Mpunga wanga wa chaka chonse unkakwera momwemo kupita ku boma la Karonga, kwa Mayi Rahma, mayi wa ku Mangochi wa sitolo pafupi ndi msika, amene amagula wonse nthawi imodzi.

Zinayamba ndi kusekedwa. Tsiku lina pa Ngara, Jeffrey wonyamula usipa anamupitirira ndi lole yake yatsopano akuimba hutala, anthu a pa depoti n'kuyamba kukuwa kuti, "Fulu! Fulu!" Kwathu kuno fulu ndiye kamba. Munthu wamkulu, wa ana ake, anabwera kunyumba nkhope itagwa ngati waferedwa.

"Adumbu, anthu andiseka chomene lero," anatero, atakhala pakhonde panga. Adumbu ndi mmene timaitanira mlongo m'Chitumbuka.

"Akuseka, ndiye wathyoka pati? Katundu wafika kapena sanafike?"

Anangotulutsa foni m'thumba. Kuyambira pamenepo maso ake sanachokenso pafoni. Ankaonera azungu ena onenepa akumasula mainjini, malole awo akufuka utsi uku anthu akuwomba m'manja. Pasanapite nthawi, mnzake wa ku Iponga amene amawoloka malire kukapikula katundu ku Kyela anamubweretsera kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala. Anandimasulira monyadira ngati wabweretsa mankhwala ochiza mudzi wonse. Munali tizitsulo tosongoka, totalika ngati chala.

"Awa ndi manozo, adumbu. Ndi amene amapopera dizilo mu injini. Akalewa mabowo ake ndi ang'onoang'ono, injini ikudya ngati mwana wodwala. Awa ndi a lole yaikulu. Ikamwa bwino, muona nkhongono zake."

"Pita nawo kwa amakaniko ku Uliwa akaone ngati akugwirizana ndi injini yako."

"Yayi, amakaniko amangodya anthu. Ndaonera kale, n'zosavuta."

Anaimika lole pansi pa mtengo wa mango, n'kutsegula kumutu kwake. Sipanala uku, beseni la dizilo uku, foni ataitsamiritsa pa njerwa kuti mzungu wake azimulangiza. Nditatuluka m'nyumba ndinapeza kuti tizitsulo tamafuta wayala pa lichero langa lopetera. Ndinamulalatira, iye n'kungoti mutu wagwira ntchito, ndisamusokoneze. Mwina pomwepo ndiye anandionetseratu ulemu umene amapereka kwa mpunga.

Atamaliza analiza injini. Inagwedezeka, inatsokomola, kenako inabangula mpaka nkhuku zinabalalika. Kumbuyo kunatuluka utsi wakuda bii, wolemera, wokhala ngati wonyowa. Zovala zimene mlamu wanga Ireen anayanika pachingwe anachita kukachapanso.

"Gordon, galimoto yabwino imafuka chonchi?"

"Utsi ndiye mphamvuyo, adumbu! Simukumva mmene ikuyankhulira?"

Koma kwa iye sinkayankhula mokwanira. M'mawa mwake analowa pansi ndi sowo n'kudula mtondo uja wa ekizozi umene umachepetsa phokoso, kuti Jeffrey azimumva akadali kutali. Paipi yotsalayo inathera pansi penipeni pa matabwa oikapo katundu, ndipo matabwawo ndi akale, mipata yake mungalowetse zala. Izi ndinazidziwa mochedwa. Ine sindikwawa pansi pa malole.

Chaka chimenecho mpunga unandivuta kuposa zaka zonse. Ndinawokera ndekha msana uli woweramira, misundu ikundiyamwa m'miyendo. Ndinakangana ndi anzanga chifukwa cha madzi a mungalande mpaka ena anasiya kundipatsa moni. Mbalame ndinayingitsa mpaka mawu kusasa. Koma unabereka, ndipo tsiku lopuntha ku chigayo, anthu odutsa pamsewu ankatembenuka kufunsa kuti wanunkhira choncho ndi wa ndani. Ndinapuntha wonse, ndinasoka matumba, tinakweza mulole. Kunali mitambo ndi kamvula kowaza, choncho tinafunditsa lona n'kumanga zolimba mbali zonse kuti dontho lisalowe. Mpweya nawonso unalibe potulukira.

Ndinakhala kutsogolo, pambali pa Gordon. Zoona zinenedwe, lole inathamanga. Inapitirira ngolo, njinga, ngakhale minibasi yodzaza, ndipo aliyense amene tamupitirira ankatsala akutsokomola. Gordon mano onse anali pamtunda. Titafika pa Ngara anapatuka n'kuima pa depoti pomwe anamusekera paja. Sanazimitse injini. Anangoponda mafuta mobwerezabwereza, lole ikubangula pamalo amodzi, iye chigongono chili pawindo.

"Jeffrey ali nkhu?" anafunsa anthuwo.

"Wapita ku Mzuzu dzulo."

Munthu wanzeru akanayendetsa. Iye anati mwina akunama, tidikire pang'ono. Anatsika, anagula chinangwa chokazinga, anafotokozera aliyense za manozo ake, n'kumabwerera kudzaponda mafuta kuti amve. Mayi wina wogulitsa nsomba anabwera akuthamanga.

"Dada, katundu wanu akupsa! Utsi ukutuluka mulona!"

"Palije kanthu, mama," anaseka Gordon. "Ndi mpweya wa injini chabe."

Ndinati titsegule tione, iye anati tachedwa kale, kamvula kayambanso. Ndinakhala njira yonse ndikutembenukira kumbuyo, koma pa kagalasi kamene kali kumsana kwa dalaivala simuona kanthu koma lona.

Mayi Rahma anatilandira ndi chimwemwe, monga amachitira chaka chilichonse. Anali atasesa kale malo osanjapo matumba. Gordon anamasula zingwe n'kukoka lona. Chimene chinatuluka mmenemo chinandibweza m'mbuyo. Fungo la dizilo linali guu, matumba oyera aja atasanduka otuwa, apansi atachita mizere yakuda motsata mipata ya matabwa. Nditagwira limodzi, chikhatho chinatsala choterera.

Mayiyo anayandikira lole. Anamasula thumba lapamwamba, anatapa, ananunkhiza. Anapempha la pakati, lomwe silinakhudze thabwa kapena lona. Anapisa dzanja mpaka m'chigongono kuti atape wa mkati mwenimweni. Ananunkhizanso, nthawi yaitali, ngati munthu wofuna kuti mphuno yake ikhale kuti yalakwitsa. Kenako anabwezera mpungawo m'thumba pang'onopang'ono n'kupukuta dzanja pachitenje.

"Mayi a Febby, pepani," anatero motsitsa mawu. "Inu mukudziwa anthu anga. Amagula wophikira pilawu pa zikwati ndi pa sadaka. Uwu ndikawapatsa, sadzapondanso pakhomo pano."

"Akautsuka fungo litha, mama," analowerera Gordon. "Ndi kunja kokha."

"Bambo, mpunga wopuntha umamwa fungo. Ndikausanja pafupi ndi sopo usiku umodzi, m'mawa umanunkha sopo. Nanga uwu mwaufukiza njira yonse?"

Pamenepo ndinaiwala kuti ndili pakhomo pa eni. Ndinamutembenukira mlongo wanga n'kumutsanulira zonse m'Chitumbuka, zimene sindingazilembe pano chifukwa ndimaimba kwaya. Anthu a mumsika anasonkhana. Ndinamufunsa ngati Jeffrey ndiye adzadyetse ana anga. Ndinamufunsa kuti mzungu wa m'foni uja analimako mpunga liti. Iye anangoima atazolika, akukanda tayala ndi nsapato. Chimene anapeza chonena n'chakuti, "Koma adumbu, tafika msanga."

Tinabwerera nawo. Ndinakwera minibasi, chifukwa mulole imeneyo ndikanachita zoti ndikagone kupolisi. Kunyumba ndinayesa zonse zimene anthu anandiuza. Ndinauyanika padzuwa, ndinaupeta, ndinausintha matumba, ndinaikamo makala. Wina ndinautsuka mpaka madzi kuyera mbee n'kuuphika. Mwana wanga Febby, amene sakana chakudya, anatafuna kamodzi n'kuika supuni pansi. Sanadandaule, anangondiyang'ana mondimvera chisoni, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanalavula.

Gordon anazemba pakhomo panga kwa kanthawi. Tsiku limene anabwera, ndinaganiza kuti wadzapepesa. Anakhala pakhonde pomwe paja, nkhope ikuwala.

"Adumbu, ndamupeza! Pa mlatho paja, ndamupitirira ngati waima. Anthu onse aona."

"Ndani?"

"Jeffrey, nanga ndaninso?"

Manozo sanachotse. Anati vuto silinali manozo koma paipi, ndipo wawotcherera ina yaitali yotulukira kumbali. Kenako anatsitsa mawu n'kundipatsa nzeru zake. Anati tigule mpunga wabwino pang'ono, tisakanize, wabwinowo tiike pamwamba, tikagulitse kumalire ku Songwe kwa apaulendo. Akamadzazindikira adzakhala ali kutali, ndipo sadzatidziwa.

"Wandiwonongera mpunga, tsopano ukufuna undisandutsenso wakuba?"

"Ndikufuna kukuthandizani."

"Dzuka. Dzuka pakhonde panga!"

Anadzuka akung'ung'udza kuti anthu akazi sitimvetsa za injini. N'zoona, za injini sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti bambo athu anayendetsa lole yomweyo mpaka imvi, anthu ambirimbiri akuwapitirira, ndipo palibe tsiku limene tinagona ndi njala chifukwa cha zimenezo.

Mapeto ake uthenga unafika kwa Allan, bambo woweta nkhuku ku Uliwa. Anati nkhuku sizinunkhiza, akausakaniza ndi gaga zidya. Anabwera ndi ngolo. Matumba ndinali nditawasunga m'shedi ya chigayo, kutali ndi nyumba, chifukwa fungo lake linkandidwalitsa mutu. Allan sankandidziwa, ankangoganiza kuti ndatumidwa kudzagulitsa. Anamasula thumba limodzi, anatapa, n'kumwaza njere pachikhatho akuziyang'ana padzuwa. Zinali zazitali, zoyera, zosasweka, zopanda ndi kamwala komwe.

"Koma abale, mpunga ngati uwu kupatsa nkhuku?" anapukusa mutu. "Amene analima uwu anausamala nadi. Ndi ndani kodi? Chaka chamawa ndingakonde kudzagula wodya kunyumba."

Ndinayang'ana njere zanga zili pachikhatho cha munthu woweta nkhuku, ndipo dzina langa linakana kutuluka.

"Sindikumudziwa," ndinatero.

Ndinawerama n'kugwira kumapeto kwa thumba, iye anagwira kwinako, tinayamba kukweza pangolo.