Diso la Tancho

Anakhala mozungulira tebulo lalifupi, miyendo ataipisa kunsi kwa bulangeti, akudya mpunga ndi nsomba yowamba. Kunja chipale chofewa chinali chitakwirira mpanda. A Tomeji sankadya. Maso awo anali pa bokosi lomanga kale lomwe linali pakhomo. M'katimo munali galasi lawo lalikulu la kamera, lalitali ngati mkono, lomwe ankajambulira mbalame za tancho, zoyera zija za miyendo yaitali, kuyambira tsitsi lawo lisanachite imvi.

"Mawa libwerere kwa okonza ku Tokyo," anatero. "Anangolipukuta fumbi n'kumati lili bwino. Anthu aulesi."

"Libwererenso?" anafunsa akazi awo, a Sadae. "Galasi limeneli layenda kuposa ine. Ine ku Tokyo sindinapondeko."

Mwana wawo Norihisa, yemwe anabwera kudzacheza kuchokera m'tauni, anaseka. "Lavuta chiyani, bambo?"

"Lafa basi. Chithunzi cha mbalame ndi diso. Diso likapanda kuoneka ngwee, chonsecho n'chotaya. Chisanu chonse chino ndakhala ndikuima pa mlatho m'mamawa mpaka ndevu kuuma, koma chilichonse chimbuuzi chokhachokha."

"Tandionetsani."

"Ndinafufuta. Ndizisunga manyazi?"

"Zonse?"

"Ndi cha mbalame ziwiri zija chomwe," anatero a Sadae, "zimene zinkavina dzuwa likutuluka, nthunzi ili tolotolo kukamwa. Anachidikira zaka bambo akowa, koma anachifufuta asanavule n'komwe nsapato."

Mu kamera munatsala chimodzi chokha, cha m'mawa wa tsikulo. A Tomeji anapatsira mwana wawoyo kamerayo monyinyirika. Norihisa anachikulitsa mpaka mutu wa mbalame unadzaza kagalasi ka kumbuyo kwa kamerayo. Anasiya kutafuna. Diso la tancho linali lakuda bii, lonyezimira, ndipo tinthenga ta m'khosi tinkaoneka kamodzikamodzi ngati ungatiwerenge.

"Waona?" anatero a Tomeji. "Ngati ndajambulira m'madzi otsukira mpunga."

"Bambo, pamlomo pa mbalameyi pali chiyani?"

"Palibe kanthu."

"Mayi, taonani inu."

A Sadae anavala magalasi awo n'kuwerama. Nthabwala zinawathera. "Kaudzu," anatero chapansipansi. "Kumapeto kwake kuli kadontho ka madzi oundana."

A Tomeji analanda kamera ija. Anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, anapukuta kagalasi ndi mkono wa malaya. Mbalame inali mbuu monga kale. Apo m'pamene anakumbukira nyali za mumsewu, momwe masiku ano zinkaonekera ngati zavala nkhungu, ndi tiyi amene anathira mpaka kusefukira, iwo n'kudzudzula kapu. Anakumbukiranso ziwiri zija, makosi m'mwamba, mapiko tambasu, ndi chala chawo chikudina pofufutira mosazengereza.

"Ndiye kuti zonse zija..." anayamba, koma sanamalize.

Norihisa ankangoyang'ana m'mbale mwake.

"Mwina ndi ng'ala chabe," anatero a Sadae. "Achimwene anga anawachotsa, pano amalowetsa okha ulusi pa singano."

"Achimwene ako sanatayepo chisanu chathunthu ndi chala chimodzi."

Msuzi unazizira m'mbale. A Sadae anautenga kukautenthetsanso, ngakhale panalibe amene anawapempha.

Kutacha, a Sadae anamasula bokosi lija n'kubwezera galasi m'kabati yake youma. Norihisa analiza galimoto kuti apite ndi bambo ake ku chipatala cha maso. Podutsa pa munda umene alimi amamwazirapo chimanga cha mbalame, tancho zinali zitatera kale, zikulira mokweza. Ojambula anali ndandanda m'mbali mwa mpanda, magalasi awo ataloza kumodzi.

"Tiime pang'ono, bambo?"

A Tomeji anasuzumira pa zenera. Anaona zoyera pamwamba pa zoyera.

"Yendetsa," anatero. "Ndikuzimva."