Mpata wa Malemu Mkazi Wanga

Mlamu wanga, mkulu wa gulu lathu la zisudzo, anandilakwira Loweruka lija tinayamba kuonetsa sewero latsopano. Nyimbo yomaliza ndinapeka ndine, n'kuijambula pa foni ndi mawu anga osasawa. Pakati pake ndinasiya mpata wa zii, pomwe malemu mkazi wanga ankandivomera tikamayimba kukhitchini.

Pa siteji, mtsikana amene anapatsidwa nyimboyo, atauzidwa ndi mlamuyo, anatseka mpatawo pokoka mawu mpaka kudenga. Holo yonse inaomba m'manja.

"Alamu, mpata uja bwanji?" ndinafunsa kuseri kwa katani.

"Aa, timayesa mpweya unakutherani, madala," anatero akuseka, chonsecho malemuyo anali mlongo wake.

Sewerolo likuonetsedwabe, ndipo mtsikanayo akukokabe mawu pomwepo.