Bambo a Magolovesi Sachoka

Tchuthi cha kumapeto kwa chaka n'choopsa, chifukwa anthu akasowa chochita amayamba kuwerenga zovala za anzawo pachingwe. Pamdadada wina wa nyumba zisanu ndi ziwiri za lendi, mafakitale ndi sukulu zitatsekera, aliyense ankangoswera pabwalo, ndipo maso onse anagwera khomo lakumapeto.

M'menemo munkakhala bambo wina wamtali, wosayankhulayankhula, amene ankasambitsa maliro kunyumba ya chisoni ya pachipatala. Ana anawapatsa dzina loti Bambo a Magolovesi. Iwo akayanika malaya, azimayi ankathamangira kukanula zawo ngati kukubwera mvula.

A Telala, mayi wosoka wa khomo lachitatu, anali pamakina pamene Make Mapasa analowa popanda odi, pepala lili m'manja.

"Sainani apa, asisi. Eni nyumba akuti makomo onse asanu ndi limodzi akavomera, munthu uja achoka mwezi ukatha. Mwatsala ndinu nokha."

"Walakwanji?"

"Aa, mukufunsa? Mawa tikudyera limodzi pabwalo. Manja ogwira mitembo apise m'mbale ya ana anga?"

"Ine munthuyo ndi mawu ake omwe sindiwadziwa. Ndimuthamangitse bwanji?"

Make Mapasa anasisita madiresi awiri a ana awo amene anali pampando, osamaliza kusoka. "Atelala ndi ambiri, asisi. Muganize bwino."

A Telala anachita mantha, tisanamizane, pakuti theka la anthu osoketsa ankabwera ndi mayi ameneyu. Koma kuopsezedwa m'nyumba mwawo, pamakina pawo! Ayi, chimenecho chinawawawa kuposa manthawo. Anavala masilipasi, n'kudutsa pabwalo onse akuona, mpaka kukagogoda khomo lakumapeto.

"Mwasochera, mayi?" anafunsa bambowo atatsegula. Zaka ziwiri palibe anagogodapo pamenepo.

"Sindinasochere. Ndabwera kudzakuonani. Simupereka mpando kwa alendo?"

M'chipindamo munali mwaudongo, mukununkhira sopo. Koma mpando unali umodzi wokha, ndipo unali ndi ntchito kale: anamangirirapo ulusi wambiri wakuda, wolukidwa mokhotakhota.

"Nanga ichi?"

Bambowo anakanda m'mutu. "Ndikuphunzira kuluka tsitsi. Sabata yatha kunabwera mtsikana kudzatenga thupi la mayi ake. Atawaona anati, 'Amayi sankatuluka m'nyumba tsitsi lili chonchi.' Ndinayesa, mayi, koma ndinalephera. Manyazi ake sanandichoke mpaka lero."

A Telala anamva chisoni, ndiye anachibisa ndi ukali. "Zoona munalephera! Kuluka kwanji uku? Masulani. Gawani patatu, musakoke ngati mukumanga mbuzi."

Anakhala pamenepo mpaka zala zazitali za bambowo zinayamba kumva.

M'mawa mwake matebulo atayalidwa pabwalo, mpunga ndi nkhuku zitafika, a Telala anatulukira ali ndi Bambo a Magolovesi pambuyo, atanyamula mpando wawo womwe uja. Make Mapasa anaimirira, n'kuika pepala lija pambali pa mbale ya a Telala, cholembera pamwamba.

"Sindisaina," anatero a Telala, mokweza kuti ndi ogontha omwe amve. "Lero ayi, mawa ayi. Inu amake mapasa, tsiku lanu likadzafika, onse asainawa adzaima panja atagwira mphuno. Adzakusambitseni n'kukulukani tsitsi ndi bambo awa. Ndiye muziwapatsa moni mudakali ndi pakamwa."

"Mukunditemberera?"

"Ndikukuuzani za aneba anu. Simuwadziwa."

Atatero anapisa dzanja m'mbale ya bambowo, n'kutenga chiwalo cha nkhuku, n'kudya onse akupenya.

Make Mapasa anakalowa m'nyumba ya a Telala n'kutuluka ndi madiresi aja, opanda manja, mapini akulendewera. Azimayi ena awiri anaitanitsanso nsalu zawo pomwepo. A Telala anangoloza ndi fupa kuti chitseko n'chosakhoma.

"Mayi, mwadziputira mavuto chifukwa cha ine," ananong'ona bambowo.

"Idyani, bambo, mpunga ukuzizira."

Mwezi unatha, pepala lija lili ndi mayina asanu okha. Bambo a Magolovesi sanachoke. Makina a khomo lachitatu ankakhala chete masana ambiri, ndipo a Telala sanapepese munthu.