Miyendo Makumi Awiri ndi Inayi

Nachangu anali akuvula magolovesi pomwe a Pulofesa analowa m'chipinda chophunziriramo matupi. Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa cha phuma, ndipo chaka chimenecho phumalo linali lomveka: ankafuna kumaliza digiri yake basi. Miyezi yonseyi ankayeza mnofu wa m'ntchafu pa matupi a anthu amene anadzipereka kusukulu yawo ya udokotala asanamwalire. Fungo la mankhwala oumitsira mitembo linali litamulowerera mpaka m'tsitsi.

"Zatheka, a Pulofesa. Munati kafukufukuyu afunika makumi awiri ndi anayi. Ndakwanitsa."

A Pulofesa anawerenga matebulo achitsulo ogonekapo matupiwo ndi chala. "Ine ndikuona anthu khumi ndi awiri. Enawo apita kokamwa tiyi?"

"Aliyense ali ndi miyendo iwiri."

"Zikomo pondidziwitsa." Anavula magalasi. "Mwana wanga, mwendo wamanja ndi wamanzere ndi apachibale. Ankadya limodzi, ankayenda njira imodzi. Ukafunsa wina, mnzakeyo angobwereza zomwezo. Pafunika anthu, osati miyendo."

"Inuyo munangoti makumi awiri ndi anayi. Mawu oti anthu simunatchule."

A Pulofesa anakanda m'mutu. Mwina anaterodi, nkhalambayo inali ndi chizolowezi chomezera mawu. Koma kukanda m'mutuko sikunawonjezere thupi ngakhale limodzi.

Nachangu mtima unamuwawa zedi. "Nanga enawo ndiwatenga kuti? Ndiziyenda mumsewu kupempha anthu kuti afe msanga?"

"Amabwera okha, pang'onopang'ono. Mwina chaka chamawa akwana."

"Ndikangolemba kuti makumi awiri ndi anayi, angadziwe ndani?"

"Dokotala wina adzang'amba ntchafu ya munthu wamoyo akudalira manambala akowo. Siginecha yanga sindiikapo."

A Pulofesa atatuluka, Nachangu anaponya magolovesi aja kubini. Anaphonya, nawerama kuwatola, akulira ndi ukali. Kenaka anafunditsa matupiwo mmodzimmodzi, mpaka kumapazi.

Ali pasinki kusamba m'manja, foni inalira. Anali amayi ake.

"Telala wamaliza diresi langa lija la pa mwambo wako wa digiri. Ukadzaliona, iwe! Azakhali ako ndawauza kale kuti akonzeke."

Nachangu anatseka mpopi, natsamira khoma.

"Amayi, diresilo lipindeni bwino, muliike m'sutikesi."

"Chifukwa chiyani?"

"Muikemonso mankhwala a njenjete. Likhalitsamo."