Masipika Akumbuyo

Makutu anakhoma sipika yachisanu kuseri kwa sofa, n'kutsika pampando akudzipukuta thukuta ngati wafolera nyumba yonse. Dzinali anamupatsa ndi makasitomala ake. Anthu ena amasankha filimu poona nkhope za osewera, koma iye ankatsinzina n'kumvetsera. Filimu imene mvula yake sinkagwera kuseri kwa khutu ankaitcha wailesi yovala suti.

Tsiku limeneli ankagwira ntchito kwa mlongo wake. Mwamuna wa mlongoyo anamenyedwa ndi achifwamba pochokera kuntchito, maso onse awiri n'kuzima. Chitulukireni m'chipatala miyezi isanu yapitayo, ankangodzitsekera kuchipinda, chakudya n'kumalandirira pakhomo.

"Achimwene, ndikungofuna azituluka, tizikhala limodzi pabalaza ngati kale," anatero mlongoyo motsitsa mawu. "Ankakonda mafilimu. Muwasankhire yoti aionere m'makutu."

"Wafika kwa eniake," anayankha Makutu akuyala mafilimu atatu patebulo. "Iyi ndi yanyimbo, mawu ake ndi oyera koma onse ali kutsogolo. Iyi ya m'nkhalango, mbalame zimakuzungulira koma nkhani yake ndi yogonetsa. Koma iyi ya munthu wosochera m'fakitale, alamu aiona bwino kuposa iwe wamasowe."

Kunyengerera kunatenga ola lathunthu. Kenaka alamu aja anatuluka akupapasa khoma, malaya akulendewera m'mapewa. Makutu anawakhazika pakati penipeni, pamene mawu a masipika onse amakumana.

"Mpando wa mabwana umenewu, alamu. Ine ndemwe sindiulawa."

Bamboyo anamwetulira, mkazi wake n'kuyang'ana kumbali kuti abise misozi.

Filimu inayamba. Madzi ankadontha kumanzere, chitsulo chikulira chapatali.

"Uko kuli chitseko," anatero alamuwo akuloza kumanja. "Chachitsulo. Mphepo ikuchikankha."

Makutu anatupa ndi kunyada. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Gawo limene anasankhira filimuyi linali litayandikira, ndipo masipika akumbuyo anali atawakweza dala.

Mdidi wa nsapato unayamba kuseri kwa sofa. Anthu awiri, akuyenda monyang'ama. Anaima. Kenaka anayamba kuthamanga.

Alamu aja anadzigwetsa pansi, manja atafunditsa kumutu.

"Foni ili m'thumba, tengani," anachonderera. "Tengani zonse, koma kumaso kokha ayi."

Makutu anazimitsa makinawo, koma bamboyo ankanjenjemerabe, buluku litanyowa. Mkazi wake atamugwira phewa, bamboyo anakuwa, n'kukwawira kukhoma.

Makutu anachita manyazi. Ankadziwa kuti achifwambawo anadzera kumbuyo. Anazimva yekha kuchipatala, ali chilili pambali pa bedi. Koma sabata yonse ankangoganiza za kukoma kwa mdidiwo, osati za munthu wokaumva.

Mlongo wake anaperekeza mwamuna wake kuchipinda. Mlongoyo atangotuluka, kiyi inazungulira m'kati kawiri.

"Yanyimbo ija ilibe zimenezi," anayesa kunena Makutu. "Mwina mawa..."

"Miyezi isanu, achimwene. Lero ndiye anali atatuluka." Sanakweze mawu. "Zulani zonse."

Makutu anazula masipikawo imodziimodzi, nakulunga nthambo, m'khoma mutatsala mabowo asanu. Njira yotulukira panja inkadutsa pakhomo la chipinda chija. Atafika pafupi anaima, natula katoni ya masipikawo pansi, navula nsapato. Anadutsa ndi masokosi okha.